Heliyamu, zenoni, fulorini kapena okosijeni: musankhe mpweya uti poyeza mapapo ndi MRI?

Aliyense amene anajambulapo chifuwa ndi makina a MRI akudziwa mmene chithunzi chimatulukira. Mtima umaoneka bwino, msana ndi minofu zimaoneka, koma pamene pali mapapo pamangoti bii. Makinawa amamva haidrojeni wa m'madzi a m'thupi, pamene m'mapapo madzi ndi ochepa, mbali yaikulu ndi mpweya. Kasiginolo kochepa kamene kalipoko kamazima msanga, m'mamilisekondi 1 kapena 2 pa makina a 1.5 T (T ndi tesla, muyeso wa mphamvu ya maginito), chifukwa paliponse pamene mnofu wakumana ndi mpweya mphamvu ya maginito imapotoka pang'ono. M'mapapo malo otere ndi osawerengeka, poti timatumba ta mpweya tokha tilipo pafupifupi 480 miliyoni. Nzeru imene anthu anaipeza ndi yakuti munthu akoke mpweya umene makina angaumve, ndiye ajambule mpweyawo m'malo mosaka mnofu.

Mu 1994 Mitchell Albert ndi anzake a ku Stony Brook ndi ku Princeton anajambula mapapo a mbewa ndi zenoni-129. Mu 1996 magulu a ku Duke ndi ku Mainz anajambula mapapo a anthu ndi heliyamu-3, ndipo chaka chomwecho Robert Edelman ndi anzake ku Boston anaonetsa kuti okosijeni wamba amasinthanso siginolo ya mapapo. Lero njira zimene munthu angaziganizire mozama zilipo zinayi. Ndalemba izi kwa inu amene mukufuna manambala, osati chithunzi chokongola chokha: mukufuna kudziwa kuti siginolo ikuzilala mofulumira bwanji, ndiponso kuti mpweya ukuyenda mtunda wotani usanagunde khoma. Musanafunse mtengo wa chipangizo chilichonse, dziwani kaye nambala imene mukuifuna, chifukwa mpweya wina sungakupatseni nambalayo ngakhale mutawononga ndalama zochuluka chotani.

Manambala atatu ndi mafunso anayi

Nambala yoyamba ndi T1. Maatomu amene timajambula ali ngati timaginito ting'onoting'ono, ndipo T1 ndi nthawi imene timatenga kuti tibwerere mmene timakhalira mwachibadwa m'kati mwa makinawo. Apa ndi pamene njira zinayizi zimagawanika pawiri. Heliyamu ndi zenoni amayamba akolezedwa ndi leza asanafike kwa wodwala, kotero kuti timaginito tolozera mbali imodzi timachuluka kuwirikiza maulendo 10,000 kapena kuposa. Akatswiri amati mpweya wa hyperpolarized. Ine ndiziti mpweya wokolezedwa. Kwa mpweya wotere, T1 ndi nthawi imene mphamvu yake ikutha, ndipo ikatha siibweranso. Kwa fulorini ndi okosijeni zinthu ndi zosiyana: T1 ndi nthawi imene siginolo imabwerera mukaigwiritsa ntchito, ndiye ikafupika mumapindula.

Chimene chimadya mpweya wokolezedwa m'mapapo ndi okosijeni, chifukwa nayenso ali ndi kamaginito kake. Pa heliyamu-3 masamu ake ndi osavuta: T1 ndi pafupifupi 2.6 kugawa ndi mphamvu ya okosijeni yoyezedwa mu bar, muyeso wa kupanikiza kwa mpweya. M'timatumba ta munthu wathanzi okosijeni amakhala cha m'ma 0.13 bar, ndiye T1 imatuluka masekondi 20. Mpweya umene unakhala maola ambiri m'botolo lagalasi umatha m'masekondi 20 ukangolowa m'chifuwa. Koma vuto lomwelo ndi muyeso: mukayeza T1 chigawo ndi chigawo, mwayeza okosijeni wa m'chigawo chilichonse, monga anachitira a ku Mainz chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Pali msampha umene ambiri amagwamo poyamba. Nthawi iliyonse koyilo, chipangizo chotumiza ndi kumva mafunde, ikatumiza funde la wailesi kuti iwerenge siginolo, imadyako mphamvu ya mpweya. Funde lopendeketsa timaginito madigiri 5, mukalibwereza ka 128, limasiya pafupifupi 61 peresenti. La madigiri 10 limasiya 14 peresenti yokha. Ndiye ngati koyilo yanu ikupendeketsa kwambiri kumbuyo kwa chifuwa kuposa kutsogolo, mapu anu a okosijeni adzakhala mapu a koyiloyo. N'chifukwa chake muyeso wa T1 umafuna kujambula kawiri ndi nthawi zosiyana pakati pa zithunzi, kuti mulekanitse chimene funde ladya ndi chimene okosijeni wadya.

Yachiwiri ndi T2*, nthawi imene siginolo imakhala ikumveka funde likangodutsa. Imeneyi ndi imene imakuuzani mpata umene muli nawo wochitira china chilichonse. Imafupika mukachoka pa 1.5 T kupita pa 3 T, ndipo imatalika mapapo akadzaza.

Yachitatu ndi ADC, muyeso wa mmene mpweya ukumwazikira. Tizidutswa ta mpweya timayendayenda tokha, koma m'mapapo makoma a timatumba, totalika mamilimita 0.2 kapena 0.3, amatitsekereza. Makoma akagumuka, monga zimachitikira pa matenda a emfisema, mpweya umayenda kutali ndipo ADC imakwera. Timaiyeza poyatsa magiradiyenti awiri otsutsana (giradiyenti ndi mphamvu ya maginito imene imasintha kuchokera mbali ina kupita mbali ina). Chimene chasuntha pakati pa awiriwo chimataya siginolo. Chofunika kuchigwira ndi ichi: ADC si katundu wa mapapo okha. Imasintha ndi nambala ya b (yosonyeza mphamvu ndi nthawi ya magiradiyentiwo), ndi nthawi imene mwaupatsa mpweya kuti uyende, ndi mmene mapapo adzazira, ndi msinkhu wa munthu, ngakhalenso mbali imene wagonera, poti timatumba ta kumunsi timapanikizika. ADC yolembedwa popanda zimenezi ndi nambala yamasiye, simungaiyerekeze ndi ya wina.

Pa mpweya uliwonse ndifunsa mafunso anayi: mtengo, kupezeka kwake, chisamaliro chimene umafuna tsiku ndi tsiku, ndi zoopsa zake, kuphatikizapo kuopsa kopeza nambala yolakwika.

Heliyamu-3

Tikanakhala kuti tikuyang'ana siginolo yokha, mpikisano ukanathera pano. Heliyamu-3 amalira, ndiko kuti funde lake limamveka, pa 32.4 MHz pa tesla iliyonse, pafupifupi katatu kuposa zenoni, ndipo salowa m'magazi. Ndi wopepuka, choncho amamwazika msanga: pafupifupi 0.88 cm²/s akasakanizidwa ndi mpweya wamba pamalo opanda makoma. M'mapapo athanzi ADC yake imakhala cha m'ma 0.2, ndipo pa emfisema imafika 0.5 kapena kupitirira. M'mamilisekondi 1.6 kachidutswa kamodzi kamayenda pafupifupi theka la milimita, ndiye kuti kagunda makoma angapo. Mu 2002 Dmitriy Yablonskiy ndi anzake ku Washington University ku St Louis anaonetsa kuti mukagwiritsa ntchito ma b angapo, mungathe kuwerengera kukula kwa tinjira ta mpweya poganiza kuti tili ngati timapaipi tokhala ndi timatumba m'mbali. Palinso njira yosiya mpweya kuti uyende sekondi yathunthu. Pamenepo ADC imatsika pafupifupi kakhumi, ndipo imanena za mmene zigawo za mapapo zalumikizirana, osati za kathumba kamodzi.

*Mtengo.* Apa ndiye pagona vuto lonse. Cha m'ma 2008 ndi 2009 mtengo wa lita imodzi unakwera kuposa kakhumi, ndipo sunabwererenso mwakale.

*Kupezeka kwake.* Heliyamu-3 sakumbidwa ngati heliyamu wa m'mabaluni. Pafupifupi yense amachokera ku tritiyamu, mtundu wina wa haidrojeni, amene theka lake limasanduka heliyamu-3 pa zaka 12.3 zilizonse, ndipo nkhokwe zake zinali za zida za nyukiliya. Chitachitika chiwembu cha mu September 2001, United States inayamba kuika zida zambiri zozindikira manyutironi m'madoko ndi m'malire pofuna kugwira zinthu za nyukiliya, ndipo zidazo zinamwa heliyamu-3 wambiri kuposa amene ankapangidwa. Azachipatala anatsalira kumbuyo pa mzere wogawiridwa.

*Chisamaliro.* Ubwino wake ndi wakuti amasungika. M'botolo lagalasi labwino mphamvu yake imakhala masiku angapo, moti gulu la ku Mainz linkakoleza mpweya n'kuutumiza ku Sheffield ndi ku Copenhagen pa kafukufuku wa PHIL. Kuukoleza kuli pawiri: ndi nthunzi ya rubidiyamu ndi leza ya 795 nm, zimene zimatenga maola ambiri, kapena mwachindunji ndi leza ya 1083 nm, njira yachangu koma yofuna makina opanikiza mpweya. Amene akali kuugwiritsa ntchito amalimbananso ndi kuutolera wodwala akaupumira kunja, kuti auyeretse n'kuubwezeranso.

*Zoopsa.* M'thupi heliyamu sachita kalikonse. Chokhacho n'chakuti m'thumba mulibe okosijeni, choncho okosijeni wa m'magazi amatsika kwa kanthawi. Kuopsa kwenikweni ndi kwa kafukufuku: kuyamba ntchito yotsatira odwala zaka zisanu, mpweya n'kukutherani chaka chachiwiri.

Zenoni-129

Zenoni anayamba, anapitiriridwa ndi heliyamu, kenako anabwereranso. Amalira pa 11.8 MHz pa tesla, kutanthauza 17.7 MHz pa makina a 1.5 T ndi pafupifupi 35 MHz pa 3 T. Kwa zaka zambiri zithunzi zake zinali zosaoneka bwino, mpaka maleza amphamvu atapezeka ndipo kukoleza kunafika pa 30 kapena 40 peresenti.

Ndi mpweya wolemera, umamwazika pa 0.14 cm²/s basi. M'mapapo athanzi ADC yake imakhala pakati pa 0.03 ndi 0.04. Kuti kachidutswa kayende theka la milimita lija pamafunika mamilisekondi 8 kapena 9, ndipo nambala ya b imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 12 s/cm², pamene pa heliyamu inali 1.6. Mwayi wake T2* ya zenoni wa m'timatumba ndi mamilisekondi makumi angapo, ndiye mpata ulipo. Gulu la Jim Wild ku Sheffield linaonetsa kuti mukasankha bwino nthawiyi, kukula kwa tinjira kowerengeredwa ndi zenoni kumafanana ndi kwa heliyamu. Zimenezi ndi zofunika kwa aliyense amene ali ndi zotsatira zakale za heliyamu ndipo akufuna kupitiriza ndi odwala omwewo.

Koma chimene chimandichititsa kuti ndiziika zenoni patsogolo ndi china. Iye amasungunuka m'thupi. Pa nthawi iliyonse 1 kapena 2 peresenti yake imakhala italowa m'khoma la kathumba ndi m'magazi, ndipo ikalowa imasintha mawu. Wa m'khoma ndi m'madzi a magazi amamveka pa 197 ppm (magawo pa miliyoni) kuchokera pa mpweya, wa m'maselo ofiira pa 217 ppm. Pa kompyuta mumaona nsonga zitatu: yaitali ya mpweya, ndi ziwiri zazifupi zoyandikana patali. Mwa munthu wathanzi nsonga ya maselo ofiira imakhala pafupifupi theka la nsonga ya khoma. Mwa wodwala amene mapapo ake auma ndi zipsera, nsonga ya khoma imakula ndipo ya maselo ofiira imafota, chifukwa mpweya ukukanika kuwoloka. Mukayang'anitsitsa, nsonga ya maselo ofiira imakwera ndi kutsika motsatira kugunda kwa mtima. Palibe mpweya wina pa mndandanda uno umene umaonetsa kuwoloka kumeneku mwachindunji. Ndi njira imeneyi imene a ku Oxford ndi ku Sheffield anapezera mu 2021 kuti anthu ena amene ankabanikabe miyezi ingapo atachira COVID-19 anali ndi vuto la kuwoloka kwa mpweya, ngakhale zithunzi zawo za CT zinkaoneka zabwino kapena zosalakwika kwenikweni.

Mtengo wa mwayi umenewu ndi liwiro. T2* ya zenoni wosungunuka ndi mamilisekondi 2 pa 1.5 T ndi pafupifupi 1 pa 3 T, ndiye mufunika njira zowerenga siginolo nthawi yomweyo funde likangotha. Komanso kuyeza okosijeni ndi T1 kumavuta kuposa pa heliyamu, chifukwa zenoni wina akuchoka ndi magazi pamene inu mukuganiza kuti okosijeni ndi amene wamudya.

*Mtengo.* Ndalama zambiri zimapita koyambirira: makina okolezera, koyilo yovala ngati chovala cha pachifuwa, ndi kukonza makina a MRI kuti azitha kutumiza ndi kumva mafunde a maatomu ena. Chachitatuchi chimaiwalika kawirikawiri, ndipo makina ena sangakonzedwe n'komwe. Mpweya nawo uli mitundu iwiri. Mu zenoni wachilengedwe, zenoni-129 ndi 26 peresenti. Wosefedwa amapitirira 80 peresenti koma ndi wodula kwambiri. Pojambula mmene mpweya wafalikira, wachilengedwe amakwanira ngati makina okolezera ali amphamvu. Poyeza wosungunuka uja, wosefedwa ndi amene amathandiza.

*Kupezeka kwake.* Zenoni amachokera mumlengalenga, ngakhale ali wochepa zedi, magawo 87 pa biliyoni, ndipo amatoleredwa m'mafakitale olekanitsa mpweya. Sangathe ngati heliyamu-3, koma msika wake umagwedezeka, monga mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Mu December 2022 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku United States, linavomereza Xenoview, zenoni wokolezedwa wa kampani ya Polarean, pojambula kafalikidwe ka mpweya m'mapapo mwa anthu a zaka 12 kupita m'tsogolo. Onetsetsani mawuwo: chilolezocho chinali cha kafalikidwe ka mpweya. ADC ndi kuwoloka kwa mpweya sizinali m'menemo. Mu 2021 bungwe la 129Xe MRI Clinical Trials Consortium linatulutsa ndondomeko zogwirizana za kajambulidwe, ndipo woyamba kumene angachite bwino kuzitsatira m'malo mopeka zake.

*Chisamaliro.* Pamafunika munthu wake. Zenoni amadutsa m'botolo la rubidiyamu wotenthetsedwa, kenako amaundana m'kapaipi kagalasi kozunguliridwa ndi nayitrojeni wamadzi, n'kukhala ngati chipale choyera. Akakwana mumamusungunula msanga ndi madzi ofunda kuti alowe m'thumba lapulasitiki. Mukachedwa pamenepa, mphamvu yambiri imatayika. Okosijeni akangolowa pang'ono m'mapaipi amawononga rubidiyamu, ndipo mabotolowo amafooka ndi nthawi, amafuna kusinthidwa. Thumba likadzaza limadikira mphindi makumi angapo, osati masiku, choncho makina okolezera ayenera kukhala pafupi ndi chipinda chojambulira. Ndinaonapo thumba labwinobwino litasiyidwa pamalo pamene mphamvu ya maginito imasinthasintha pafupi ndi khomo la chipindacho. Pofika kwa wodwala siginolo inali itatsika moti ntchito ya m'mawa wonse inabwerezedwa.

*Zoopsa.* Zenoni ndi mankhwala ogonetsa akachuluka, cha m'ma 60 kapena 70 peresenti atapumidwa mosalekeza. Lita imodzi yokokedwa kamodzi siigonetsa munthu, koma amaimva. Wodwala amatulutsa mpweya, amakoka wa m'thumba mpaka litaphwa, amakhala osapuma masekondi 10 mpaka 16, ndipo akayamba kulankhula mawu amakhala atanenepa. Ena amati milomo ndi zala zikuchita dzanzi, ena chizungulire, ena amangoseka. Zonse zimatha m'mphindi zochepa. Muuzeni zimenezi asanagone pamakina, ndipo kachipangizo koyeza okosijeni kakhale pachala. Kwa ogwira ntchito, leza yamphamvu, rubidiyamu amene amayaka akakhudzana ndi madzi, ndi nayitrojeni wamadzi, zonse zimafuna maphunziro.

Mipweya ya fulorini

Iyi siikolezedwa ayi. Imadalira zinthu zitatu: fulorini yense wachilengedwe ndi fulorini-19, amalira pa 40 MHz pa tesla, pafupi ndi haidrojeni amene ali pa 42.6, ndipo kachidutswa kamodzi kamanyamula maatomu ambiri, 6 mu mpweya wa SF6 ndi 8 mu wa C3F8. T1 yake ndi yaifupi modabwitsa, mamilisekondi 1 kapena 2 pa SF6 ndi khumi ndi angapo pa C3F8, chifukwa kuzungulira kwa kachidutswako kumagwedeza timaginito take. Ndiye mungawerenge siginolo mobwerezabwereza, n'kuphatikiza. Dean Kuethe ku Albuquerque anaonetsa zimenezi pa makoswe mu 1998, ndipo mu 2013 magulu a ku Duke ndi ku Thunder Bay anajambula anthu. Ku Newcastle ku England ntchitoyi yapita patsogolo ndi odwala mphumu ndi COPD, matenda okhalitsa otseka njira za mpweya.

Popeza okosijeni saononga kanthu apa, mpweyawu umasakanizidwa: 79 peresenti C3F8, 21 peresenti okosijeni. Munthu amapuma kangapo motsatizana, inu n'kumaona mpweya ukulowa pang'onopang'ono, kenako ukutuluka. Chigawo chimene chimadzaza mochedwa, chimene pa zenoni chikanangooneka chakuda, apa chimaoneka kuti chikudzaza koma mwaulesi. T1 nayo ili ndi tanthauzo lake: imatsatira kuchuluka kwa fulorini m'kathumba, ndipo Kuethe ndi mnzake Natalie Adolphi anaigwiritsa ntchito pa nyama poyerekeza mpweya wolowa ndi magazi odutsa.

Pa ADC ndiye pofooka. T2* ya C3F8 m'mapapo ndi mamilisekondi 2 okha pa 3 T, ndipo mpweyawo ndi wolemera, umayenda pang'onopang'ono kuposa zenoni. Siginolo imazima kachidutswa kasanafike kukhoma. Anthu ayesapo ndipo manambala amatuluka, koma sindingamange kafukufuku wa emfisema pa iwo.

*Mtengo.* Wotsika, chifukwa makina okolezera safunika. Koyilo ndi kukonza makina a MRI zikufunikabe.

*Kupezeka kwake.* Mipweyayi ndi yodziwika kale kuchipatala: imagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni ya m'kati mwa diso ndi m'timathovu tothandiza kujambula ndi ultrasound. Komabe kuipumitsa munthu malita ambiri ndi ntchito ina, ndipo m'malo ambiri imachitika ngati kafukufuku wofuna chilolezo chake.

*Chisamaliro.* Silinda, thumba ndi mavavu. Ntchito yaikulu ndi kuphunzitsa wodwala kupuma mofanana ulendo uliwonse, chifukwa wopuma mozama katatu ndi wopuma pang'ono katatu sapereka chithunzi chimodzi.

*Zoopsa.* Kwa wodwala ndi zochepa. Mpweyawo ndi wolemera pokoka, basi. Kwa dziko si zochepa. Kilogalamu imodzi ya SF6 imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu oposa 23,000 a kaboni dayokisaidi pa zaka 100, ya C3F8 pafupifupi 9,000, ndipo yonse imakhala mumlengalenga zaka masauzande. Amene akusankha njira imeneyi aganizirenso za kutolera mpweya wopumidwa, komanso za malamulo amene akukhwimira mipweya yotere, makamaka ku European Union. Zithunzi zakenso ndi zosalongosoka poyerekeza ndi za zenoni, ndiye timalo ting'onoting'ono todwala tingakuphonyeni.

Okosijeni

Apa simukujambula mpweya konse. Mukujambula haidrojeni wa nthawi zonse, n'kuona mmene okosijeni wosungunuka m'mnofu ndi m'magazi akufupikitsira T1 yake. Pa 1.5 T, T1 ya mapapo ndi pafupifupi masekondi 1.2 munthu akamapuma mpweya wamba, ndipo imatsika ndi pafupifupi 10 peresenti akapuma okosijeni yekhayekha kwa mphindi zingapo.

*Mtengo ndi kupezeka kwake.* Palibe yotsika kuposa iyi. Makina a MRI alionse, koyilo ya nthawi zonse, chigoba cha kunkhope chogwira bwino, ndi okosijeni wa m'chipatala, kawirikawiri malita 15 pa mphindi.

*Chisamaliro.* Chimasamukira ku kompyuta. Kusintha kwa 10 peresenti pa siginolo yofooka kale n'kochepa, moti kusuntha pang'ono kwa chifuwa kungakubiseni. Zithunzi ziyenera kugwirizanitsidwa mosamala, ndipo T1 yokhayo imasintha ndi kadzazidwe ka mapapo ndi kuchuluka kwa magazi. Makina a mphamvu yochepa, monga a 0.55 T amene a ku NIH, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo ku Bethesda ku United States, anawayesa cha m'ma 2019, amathandiza chifukwa siginolo ya mapapo imachedwa kuzima. Pa 3 T ena amayeza T2* m'malo mwake, poti okosijeni wodzaza m'timatumba amaifupikitsanso.

*Zoopsa.* Okosijeni yekhayekha angaphwetse timatumba tina, angakweze kaboni dayokisaidi mwa odwala ena a COPD, ndipo amafuna kusamala mwa amene analandirapo mankhwala a khansa otchedwa bleomycin. Silinda yachitsulo isalowe m'chipinda cha maginito. Koma choopsa chachikulu ndi kumasulira. T1 ikapanda kutsika pamalo pena, mwina mpweya sunafikepo, mwina wafika koma sunawoloke, mwina magazi ndi amene sakudutsapo. Nambala imodzi yanyamula zinthu zitatu, ndipo ADC ya mpweya simungaipeze n'komwe.

Pali wachisanu amene mungamumve akutchulidwa, kriputoni-83, amene T1 yake imatsatira kukula kwa makoma amene akuwagunda. Gulu la Thomas Meersmann ku Nottingham lamuyesa pa mapapo a makoswe. Ndi nzeru yosangalatsa, koma si yosankha lero ngati odwala anu ndi anthu.

Ndiye inu musankhe uti

Ngati funso lanu ndi kukula kwa timatumba, kaya pa emfisema yongoyamba, kaya mwa ana amene anabadwa masiku asanakwane, mufunika ADC, ndipo kwa woyamba lero yankho ndi zenoni. Lembani b, nthawi yomwazikira ndi kadzazidwe ka mapapo tsiku loyamba, musadzazisinthe pakati. Heliyamu musiyireni amene ali naye kale m'nkhokwe ndipo akumaliza kutsatira odwala akale, kapena amene akufuna mapu a okosijeni osasokonezedwa ndi kusungunuka. Iwonso ndi bwino ajambule odwala angapo ndi mipweya yonse iwiri heliyamu asanathe, kuti manambala akale adzalumikizike ndi atsopano.

Ngati mukufufuza zipsera za m'mapapo, matenda a mitsempha ya m'mapapo, kapena kubanika kumene CT yalephera kukufotokoza, ndi zenoni wosefedwa, ndipo musanagule kanthu funsani ngati makina anu a MRI angathe kumva 17.7 kapena 35 MHz.

Ngati mukufuna kuona mmene mpweya ukulowera ndi kutuluka pa kupuma kangapo, pa mphumu, pa matenda obadwa nawo a cystic fibrosis kapena mwa amene anaikidwa mapapo ena, ndipo mulibe munthu woti azikhalira makina okolezera, C3F8 ikukwanirani, bola musayembekezere ADC yodalirika ndipo mukhale ndi njira yotolera mpweyawo.

Ngati kafukufuku wanu ali m'zipatala zambiri zokhala ndi makina osiyanasiyana, kapena odwala anu sangakhale osapuma masekondi 10, yambani ndi okosijeni. Jambulani anthu athanzi angapo kawiri, masiku osiyana, muone kuti T1 yawo ikusiyana bwanji popanda chilichonse chosintha. Kusiyana kumeneko kukayandikira 10 peresenti ija, konzani kajambulidwe kaye musanaitane wodwala woyamba.